Didake pa Mabenchi Opanda Ana

Khalani pansi, adzukulu inu. Feva, iwe ndiye wodziwa kuwerenga, uwerengere anzako mokweza, ndipo usalumphe mizere ngati mmene umalumphira mapoto potsuka mbale. Pirinsi, foni ya amayi ako ibwerere pomwe waitenga. Tamanda, sendera pafupi, nkhaniyi iwe ulimo.

Musaseke. Ndine agogo anu ndithu, ngakhale ndevu zanga mutha kuziwerenga ndi zala ndipo mayeso a fomu folo ndalemba chaka chomwe chino. Chibale sindinachipange ndine. Amayi anandibereka anzawo atasiya kalekale, nthawi imene achemwali anga aakulu anali kale ndi mwana wotunga yekha madzi kumjigo. Mwana ameneyo ndi Aginesi, amayi anuwo. Anandiberekapo kumsana, anandipukutapo mamina, koma akafika pakhomo pano amayenera kunena kuti "Ankolo, mwaswera bwanji?" mano atalumana. Ndiye inu ana ake mulibe kothawira. Dzina anandipatsa Mapeto, kuti mudzi wonse udziwe kuti fakitale yatseka.

Poti ndine agogo, ndiyenera kuyamba ndi kukuuzani kuti kale zinthu zinali bwino. Sizinali bwino kwenikweni, koma mwambo ndi mwambo.

Masiku athu kuno ku Lirangwe, ndege ikamveka m'mwamba tinkasiya mpira wa mapepala n'kuithamangira, tikukuwa kuti itiponyere masiwiti. Inu mwabadwira ku Chileka, ndege imadutsa padenga ngati khwangwala ndipo simutukula n'komwe mutu. Ife ulendo wa kwanuko tinkaukamba mwezi wathunthu usanachitike, n'kuukambanso mwezi wina utachitika. Kabaza anali wa njinga yopalasa, osati zamoto zanuzi, ndipo pachitunda mwini njinga ankakutsitsa kuti umuthandize kukankha, iwe wolipira yemwe. Foni m'nyumba inali imodzi, ya mabatani, yomanga ndi mphira wa chubu, ndipo inkaswera kwa ometa tsitsi kuti idye moto. Tinkanyika malambe m'kapu mpaka madzi achite ngati phala, n'kubera amayi shuga ndi chala chonyowa. Pirinsi, iwe amene umalira akakupatsa buledi wopanda majarini, masiku athu ukanatisiya sabata isanathe.

Koma ndasochera. Ndi ukalamba.

Nkhani ndi ya bambo anga, amene inu mumati agogo aakulu, aja mumawapeza pakhonde atavala jekete ngakhale dzuwa likuswa mtengo, maso awo atayera. Inu mumawadziwa ngati nkhalamba yosaona imene imakusisitani kumaso kuti ikuzindikireni, ndipo mumathawa. Kuno anthu sawatchula dzina. Amangoti Aphunzitsi, chonsecho sukulu ya boma sanaphunzitsepo. Ankaphunzitsa kalasi, ndiye kuti ana okonzekera kulowa mpingo, Loweruka lililonse masana, m'katchalitchi kathu ka kutsidya kwa njanji. Belu lake ndi limu ya tayala la lole yopachika mumtengo wa nimu. Amayi amati Loweruka sanakhalepo ndi mwamuna. Ine ndinabadwa Loweruka, ndipo bambo anadzandiona atamaliza kalasi.

Chuma chawo chonse ndi liwu limodzi la Chigiriki, chinenero chimene nkhani za Ambuye ndi za atumwi zinalembedwamo poyamba. Analitola ali mnyamata, nthawi imene ankayenda wapansi kuchoka kuno mpaka ku Chileka, mbatata yowotcha ili m'thumba, nsapato zili m'manja kuti zisathe, kukaphunzira kwa abusa ena okalamba amene anapita patali ndi sukulu. Mnzawo wina anabwerako ndi wotchi. Wina anabwerako ndi mkazi. Iwo anabwerako ndi liwu: didake.

Ife timangoti chiphunzitso, ndipo tikatero timaganiza za chinthu chouma chimene ungachitsekere m'kabati. Bambo amati eni chinenerocho sankaganiza choncho. Liwu lawolo limanyamula zonse pamodzi, ntchito ya kuphunzitsa ndi zimene zikuphunzitsidwazo, moti sungazilekanitse. Amati anthu atamva Ambuye n'kuzizwa, chimene anazizwa nacho chinali didake yawo. Akhristu oyamba akasonkhana m'nyumba zawo, chimene ankakangamira chinali didake ya atumwi. Ndipo amaisiyanitsa ndi kulalikira. Wolalikira, amatero iwo, ali ngati mnyamata wolengeza maliro m'mudzi: amakuwa akudutsa, wamva wamva. Wa didake amakhala pansi, amafunsa, amadikira yankho, ukalakwa amabwerezanso.

"Mbewu ya chimanga," ankatero, "mutha kuitsekera m'chigubu chaka chathunthu, idzamera. Nanga ya mbatata? Mbewu ya mbatata ndi mbatata yomwe ili moyo m'dimba. Wina adule, apatse mnzake, mnzakeyo adzale isanafote. Chaka chimodzi chokha pasapezeke wodzala, mtundu wonse watha. Didake ili choncho."

Nditafika kusekondale ndinabwereka foni ya mnzanga kuti ndiwagwire bodza madalawa. Ndinakhumudwa. Zinali momwemo, kupatula kuti Agirikiwo za mbatata sanatchule.

Mafunso a m'kalasi ankapeka okha, ndipo ana ankayankhira pamodzi ngati nyimbo.

"Didake n'chiyani?"

"Kuphunzitsa ndi chophunzitsidwa, mtolo umodzi!"

"Imakhala kuti?"

"Pakati pa kamwa ndi khutu!"

"Imafa liti?"

"Ikasowa woilandira!"

Panalinso ena ambirimbiri: za mlendo wofika nthawi ya njala, za mwana wamasiye, za munthu amene wakulakwira kachiwiri pa nkhani yomweyomweyo. Katchalitchi kankadzaza, ena ankakhala m'mawindo miyendo ili lendelende.

Ine m'kalasimo sindinakhalitse. Mulungu ena anawapatsa masamu, ena mpira. Ine anandipatsa kholingo. Munthu akayankhula kawiri ine ndikumva, mawu ake asanduka anga. Ndili sitandade sikisi, Loweruka lina ndinatuluka ngati ndikukataya madzi, n'kubisala kuseri kwa khoma. Ndinayamba ndi mawu a mayi wina wogulitsa tomato: "Iwe Joyisi! Mbuzi zalowa m'dimba!" Joyisi anatuluka ngati muvi. Kenako mawu a bambo wina wokonda kachasu, kuitana ana ake awiri ndi mayina osalembeka. Kenako a gogo wina wopanda mano. Mmodzimmodzi, mpaka mabenchi anayera mbee, bambo n'kutsala akufunsa khoma. Nthawi imeneyo ankaona bwinobwino, ndipo atazungulira anandipeza ndikugubuduka m'fumbi ndi phwete.

Sanandimenye. Anangoti, "Mapeto, m'kalasi mwanga usadzalowenso." Mpaka lero sindine wa mpingo, Mgonero ndimauonera pawindo. Mukandifunsa ngati ndinamva chisoni, ayi ndithu. Gogo wopanda mano uja ndinamukhoza moti mdzukulu wake anayankha kuti "Wawa!" ali kale pakhomo. Kusekondale ndinapitiriza. Tsiku lina ndinawerutsa sukulu yonse nthawi ya buleki ndi mawu a ahedi. Dzenje limene anandikumbitsa likadalipo, amatayamo zinyalala. Ndicho chipilala changa, mukadzakula mudzapite mukachione.

Koma chimene ine ndinachita masana amodzi mwamasewera, dziko linadzachita pang'onopang'ono, osaseka. Ana anayamba kuchepa. Ena Loweruka anali ndi patitaimu. Ena kuvidiyo. Ena makolo awo anasamukira ku mipingo ya masipika ya mumsewu waukulu, kumene kulibe funso, kuli ameni yekha. Zaka za ng'amba zinatenga okulirapo, awa kukagulitsa makala ku Blantyre, awo kukapalasa kabaza. Mphepo ya mvula inasasula theka la denga, ndipo malata amene tinatola m'minda anathera pa makola a anthu. Kenako maso a bambo anayamba, lamanzere, kenako lamanja. Tinkati ndi ng'ala wamba, koma kuchipatala anati vuto lafika mkati, tachedwa.

Akulu a mpingo anakhala pansi n'kugwirizana kuti kalasi isamukire kutchalitchi chachikulu cha kumsika, kwa mnyamata wina wa laputopu. Anabwera kudzanena mwaulemu wonse, nkhuku ili m'manja. Bambo analandira nkhuku, nati, "Zikomo, abale. Koma mwana mmodzi yekha akabwera kutsidyako, andipeza."

Ndiye amayi anandipatsa ntchito ya ndodo. Ndinali fomu thuu. Dzanja la bambo paphewa langa, kuwoloka khwawa, kuwoloka njanji, kuliza limu, kuwakhazika patebulo. Poti ndinali wothamangitsidwa, malo anga anali pakhomo. Loweruka loyambalo tinadikira. Munalowa buluzi. Bambo anakonza kolala, anatsokomola, nati:

"Ana inu, mulipo?"

Zii.

"Ana inu, mulipo?"

Musaganize kuti ndinagwidwa chifundo. Chimene chinandigwira ndi chija chimandigwira ndikaona mpando wa aphunzitsi uli wokha ndipo chitedze chili pafupi. Ndinanyang'ama mpaka benchi yakumanzere, ndinafinya kholingo, n'kutulutsa kamawu ka mtsikana wamanyazi: "Tilipo."

Nkhope yawo, adzukulu inu! Munaonapo chimanga chofota chitalandira mvula? Inu simunaonepo, chimanga chanu chimamera m'thumba la kugolosale. Basi, dziwani kuti anawongoka.

"Ndiwe yani, mwanawe?"

"Esinati."

"Wa kwa yani?"

"Tangosamukira kumene, Aphunzitsi."

"Wabwera wekha?"

Apa munthu wanzeru akanati eya. Ine ndinakwawira kubenchi yakumbuyo. "Ndiliponso ine, Bonifasi," ndi mawu otulukira m'mphuno. Pobwerera fumbi linanditsamwa, ndinatsokomola.

"Nanga wachifuwayo?"

"Ndi Lute, Aphunzitsi. Sayankhulayankhula."

Anabadwa choncho Lute, amene mpaka lero sanayankhepo funso, amangotsokomola.

Musaione mopepuka ntchito imeneyi. Nsapato ndinkavula kuti mapazi asamveke. Ndinamanga chingwe cha khonje kumwendo wa benchi yakumbuyo kuti izilira kwee, ngati Bonifasi akutakataka, ine ndili kwa Esinati. Denga losasuka linkandithandiza, mawu ankabalalika osadziwika kochokera. Kalasi ikatha ndinkamenyetsa masilipasi pansi, phaphapha, ngati ana akuthamangira kunja, ndipo bambo ankapukusa mutu: "Ana a masiku ano, ngakhale kupereka dzanja."

Esinati ankakhoza zonse. Anayenera kutero, apo ayi kalasi ikanakhala ya zitsiru zokhazokha. Ndiye ine ndinayenera kumvetsera zonse, ine yemwe wothamangitsidwa uja. Koma wapamtima panga anali Bonifasi.

"Bonifasi, didake n'chiyani?"

"Ndi mtundu wa nsomba, Aphunzitsi."

"Nsomba!"

"Ya mu Shire. Yaminga kwambiri."

"Mwana iwe, mutu wakowo anauumba ndi dothi la pachulu? Nanga mlendo akafika nthawi ya njala timatani?"

"Timabisa mbale, Aphunzitsi."

"Mayo ine! Esinati, muthandize mnzako."

Ndiye ine ndi mawondo, kwawu kwawu, kupita kumanzere kukathandiza mnzanga.

Mathalauza anga onse anabooka m'mawondo, ndipo ndi momwe amayi anandigwirira. "Iwe," anatero akuchapa, "wayamba liti kupemphera chonchi?" Loweruka lotsatira anatilondola, nasuzumira pawindo. Titabwerera anandiitanira kuseri kwa khitchini, komwe ankasenda nandolo. Ndinkayembekezera mthiko pamsana. Anasenda, anasenda, osandiyang'ana.

"Atatu?" anatero.

"Atatu, amayi."

"Wachifuwayo ndiye wonyanya." Anaponya makoko pansi. "Usasiye."

"Amayi?"

"Wayamba wekha, usasiye. Tsiku limene bambo ako adzafunse n'kusowa woyankha, tidzayambe kufuna matabwa a bokosi lawo."

Ndinkati akukokomeza, mpaka dzinja lina khwawa linadzaza Loweruka ndipo sitinawoloke. Bambo anakhala pakhonde ndi jekete lawo mpaka dzuwa kulowa. Chakudya anakankhira kumbali. Lamulungu chimodzimodzi. "Ana aja anandidikira pamvula," ankangotero. Anadya Lolemba, ine nditanena kuti ndakumana ndi Esinati kumjigo ndipo akuti naye sanawoloke.

Tinayenda choncho, dzinja, masika, chilimwe, dzinja linanso. Nthawi yozizira ankathyoletsa mandimu n'kundipatsa: "Ukapereke kwa amake a Lute, chifuwa chija sichikundisangalatsa." Mandimuwo ndinkamwera m'tiyi. Nthawi ya njala, pamene pakhomo pano tinkadya kamodzi, ankadula mbatata yawo pakati, theka n'kulowetsa m'thumba la jekete. "Bonifasi uja si mbuli," ankatero, "ndi njala." Kalasi ikatha ankaiika pangodya ya tebulo kuti mwanayo atenge mosachita manyazi. Ndinkadya. Ndikanatani? Kuibweza kukanakhala kupha Bonifasi. Koma ndikuuzeni, palibe mbatata yowuma pakhosi ngati imeneyo, ndipo ine mbatata ndaba m'minda yambiri.

Kenako kholingo langa linayamba kundiukira. Mawu analemera. Esinati anayamba kumveka ngati kondakitala wa minibasi ya ku Lunzu. Bambo anapendeketsa mutu, nangoti, "Esinati, Lute wakupatsira chifuwa." Mandimu anawonjezeka.

Tsopano tafika pa iwe, Tamanda.

Holide yapitayi amayi ako anakusiya kuno masiku ochepa. Ine ndinati mwayi wanga ndi uwu, mwana weniweni, wa mafupa ndi mamina. Ndinakuphunzitsa kuseri kwa khola: akafunsa, ungoti tilipo, basi, zinazo usiyire agogo. Ndinakulonjeza filizi yofiira. Unagwedeza mutu ngati munthu wamkulu.

Unakhala benchi yakutsogolo, miyendo ikugwedera m'mwamba. Bambo anafunsa. Esinati anayankha, Bonifasi anayankha, Lute anatsokomola, kenako iwe: "Tilipo!" Mawu ako anamveka mosiyana, ngati madzi a kumjigo pambuyo pa madzi a m'chithaphwi. Bambo anaseka mpaka mano otsala onse kuoneka. "Mlendo wathu wa ku Chileka! Khala bwino, mwana wa mdzukulu wanga, umve mmene anzako amayankhira."

Ndiye unamva, komanso unaona. Unandiyang'ana ndikukwawira kumanzere, ndikubwerera kumbuyo, ndikukoka chingwe. Bambo atangofunsa kuti "Imafa liti?" iwe unayankhula ndi mawu ako onse a ku nazale:

"Agogo aakulu, bwanji agogo Mapeto akukwawa pansi ngati galu? Muno mulibe ana. Tilimo atatu basi."

Sindikukudzudzula, kamdzukulu kanga. Unanena zimene maso ako anaona, ndipo m'nyumba imeneyo ndiwe wekha unanena zoona chichokereni nkhuku ya akulu a mpingo.

Ndinali pakati pa mabenchi, chingwe chili m'manja. Kunja mbuzi inalira. Bambo anakhala duu, zala zawo zikufufuza m'mphepete mwa tebulo ngati pali china chagwa. Anakhala choncho mpaka ndinayamba kumva malata otsala akulira ndi dzuwa. Ndinkaganiza za matabwa a amayi aja.

Kenako anati, mawu ali pansipansi, "Esinati. Ndafunsa funso. Imafa liti?"

Ndinakwawa. Ndinafinya kholingo. "Ikasowa woilandira, Aphunzitsi."

"Wakhoza."

Pobwerera iwe unali patsogolo, ukuyamwa filizi yako, wosadziwa kanthu. Dzanja la bambo linali lolemera paphewa panga ngati thumba la mchenga. Tinafika panjanji. Pamenepo anaima.

"Amayi ako akuti ukupita ku Joni."

"Eya, bambo."

"Liti?"

"Mvula isanayambe."

Anaponda chitsulo cha njanji ndi nsonga ya nsapato, kuti adziwe pomwe chili. "Bonifasi uja," anatero, "asachoke akuganizabe kuti ndi nsomba."

Anadziwa liti, sindikudziwa. Kaya tsiku la Tamanda, kaya tsiku loyamba lomwe lija. Munthu amene anathamangitsa mwana wake chifukwa cha mawu a anthu ena angaiwale kholingo la mwanayo? Sindinafunse, iwo sananene. Loweruka lotsatira anavala jekete monga mwa nthawi zonse, ndipo theka la mbatata linali pangodya ya tebulo.

Za ku Joni ndi zoona. Munda wathu wapsa zaka zotsatizana, mbuzi zinatha, amayi msana wayamba kuwakana khasu. Msuweni wanga ali kumeneko akuti malo alipo otsuka magalimoto. Amayi omwe aja anati usasiye ndi omwenso akuti pita. "Pakhomo pano pakufunika munthu wotumiza ufa," akutero, "osati wokwawa." Onani, zonse ziwiri akunena zoona, ndipo zonse ziwiri sizingatheke.

Loweruka lapitali bambo anafunsa mafunso onse, kuyambira loyamba, osalumpha. Ngakhale Bonifasi anayesetsa. Anati didake si nsomba, ndipo bambo anati afika patali. Atafika kumapeto anayala manja patebulo.

"Funso lomaliza," anatero, "ayankhe mwana amene ali ndi mawu akeake. Imafa liti?"

Ndinatsegula pakamwa. Adzukulu inu, m'kholingo muno muli ahedi, muli mayi wa tomato, muli gogo wopanda mano, muli makondakitala, muli amayi anu akamakalipa. Onsewo anali chire kuti atuluke. Koma mawu anga enieni, amene sanamvekepo m'nyumba imeneyo chindithamangitsireni, ndinawafuna osawapeza. Ndinakhala kukamwa kuli yasa, ngati nkhuku ya ludzu. Yankho ndikulidziwa kuposa dzina langa, koma silinatuluke.

Anatipulumutsa ndi Lute. Anatsokomola.

"Chabwino," anatero bambo. "Tidzabwereza."

Tidzabwereza liti? Mitambo yayamba kale kusonkhana cha ku Mdeka.

Ndinaimbira amayi anu. Ndinati, "Aginesi, ndibwereke ana Loweruka, ngakhale mwa apo ndi apo."

"Ankolo, Loweruka ana ali ndi patitaimu."

"Masana."

"Masana amachapa mayunifolomu. Bambo awo amakhala ali kuntchito kubwalo la ndege, ndiye awaperekeze ndani? Ndiponso kutchalitchi kwathu amaphunzira kale."

"Amawafunsa mafunso?"

"Amaonera pa sikirini. Ankolo, sewero munaliyamba nokha, mulimalize nokha. Musandilowetsere ana m'bodza."

Ndinafuna kumuyankha ndi mawu a apongozi ake, amene amawaopa kuposa mphenzi, koma ndinalibe mphamvu. Ndi koyamba m'moyo wanga kusiya mwayi wotero.

N'chifukwa chake ndalembera inu eni ake. Mtolo wonse uli m'mutu mwangamu, mafunso onse, mayankho okhoza a Esinati ndi olakwa a Bonifasi. Sindinaufune, unangolowa ndikukwawa. Tsopano ndikuutenga m'basi ya ku Joni, kumene ndizikapukuta magalasi a anthu osadziwa ngakhale moni wathu. Ndikaupatsa yani? Ndi mbewu ya mbatata yodula kale, yoika m'chikwama, ulendo wa masiku. Ndikhoza kukulemberani mafunso onsewo papepala, Feva n'kuwaloweza, koma imeneyo ndi mbewu ya m'chigubu, bambo angakuuzeni kuti si didake. Pamafunika kamwa kuno, khutu uko, ndi munthu wodikira yankho.

Mukadzamva anthu akuti agogo anu ananamiza nkhalamba yosaona m'nyumba ya Mulungu, muwauze kuti eya, ndipo anakhoza. Sindilapa. Akanandipatsa makholingo ena awiri ndikanadzaza mabenchi onse, mpaka ena kukhala m'mawindo miyendo ili lendelende. Chimene chikundiwawa si bodza. Ndi chakuti bodzalo linali ndi munthu mmodzi yekha wolisenza.

Ndikudziwa simubwera. Feva ali ndi mayeso, Pirinsi ali ndi foni, Tamanda sangakwere minibasi yekha. Ana a kuno nawonso ndawayesa, amafunsa ngati kuli masiwiti. Komabe agogo sasiya kulangiza chifukwa choti ana sakumva, ndiye imvani. Mukadzabwera holide, njira ndi yodutsa pakhwawa, kenako njanji. Chitsulo cholizira limu chili pamphanda ya mtengo wa nimu, cha kumanja. Benchi yakumanzere ndi ya Esinati, koma sakaniza. Yakumbuyo musakhalepo, mwendo wake ndinaufooketsa dala. Chigiriki musade nacho nkhawa. Mukalakwa, amabwereza. Akakupatsani mbatata, landirani ndi manja awiri.

Loweruka loyamba ine kulibe, amayi ndiwo adzawatsogolere, alonjeza. Koma amayi kholingo lawo ndi limodzi, ndipo bambo akhala akulimva kuyambira achemwali asanabadwe. Adzawawolotsa khwawa, adzawawolotsa njanji, adzaliza limu, adzawakhazika patebulo. Bambo adzakonza kolala, adzatsokomola, adzafunsa kuti, "Ana inu, mulipo?"

Yankho lake ndi liwu limodzi lokha, adzukulu inu. Ngakhale Bonifasi ankalikhoza.